Atachimenti ku magazini ya ku Joni: kuseri kwa chikuto chonyezimira

Ku Ntaja, Nselema, Nsanama ngakhalenso ku Ulongwe, mbiri ikamveka yoti mwana wa auje wapita ku Joni, palibe amene amafunsa kuti wakatani. Zimadziwika kale. Wakagulitsa m'sitolo, wakasoka zovala, wakaphika, apo ayi wakasamala kapinga ndi maluwa pakhomo pa bwana. Pakatha chaka kapena ziwiri, malata ndi njinga zimatsika pabasi, nyumba ya njerwa zootcha n'kuyamba kukwera.

Nanga mwana akabwera patchuthi kuchokera ku koleji ndi nkhani yachilendo, yoti akufuna kupita ku Joni komweko koma kukaphunzira ntchito ku magazini, makolo ayankhe zotani? Si ganyu, si ntchito yolembedwa, mwinanso malipiro palibe. Koma ya basi, ya lendi ndi ya chakudya ikufunika, ndipo yonseyi ichoke m'thumba la banja. Apa mpamene mbuzi za m'khola, matumba a mpunga wa ku Chilwa ndi kandalama ka thonje zimayamba kuwerengedwa usiku ana atagona.

Ophunzira za utolankhani, kaya ku Malawi Institute of Journalism, ku Mubas yomwe kale inkatchedwa Polytechnic, kapena m'makoleji ena, amayenera kukakhala miyezi ingapo pamalo a ntchito kuti zimene adamva m'kalasi akazigwire ndi manja. Imeneyi ndiyo atachimenti. Ambiri amathera ku nyuzipepala ndi mawailesi a ku Blantyre ndi Lilongwe. Koma kwa amene adakula akuona magazini a ku South Africa monga Drum, True Love ndi Bona ali pabenchi mu saluni, masamba atapindika kaamba kodutsa m'manja ambiri, mtima umakhala uli kwina.

Magazini amtundu umenewu salemba za mtengo wa feteleza kapena za mlatho wokokoloka. Awo ndi mavalidwe, tsitsi, kaphikidwe, nyumba zokongola, maukwati a anthu otchuka ndi malo okapitako mphepo. Munthu wa pachikuto amaoneka ngati sadapseko ndi dzuwa chibadwireni. Nzosadabwitsa kuti mtsikana kapena mnyamata wa zaka 21 amaganiza kuti amene amalemba zoterezi nawonso amakhala moyo womwewo.

Basi imatulukira pachipata cha Mwanza, kudutsa Tete m'dziko la Mozambique, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kupyola Harare mpaka Beitbridge, komwe mzere wodinditsa mapasipoti umatha kudya maola ambirimbiri. Pofika ku Johannesburg pamakhala patapita pafupifupi masiku awiri, mapazi atatupa. Lolemba lake m'mawa, wophunzira uja amaima pakhomo la ofesi ya magalasi okhaokha, atavala chovala chake chapamtima, akuyembekeza kuti lero lomwe amutuma kukacheza ndi woimba wotchuka.

Chimene amamupatsa ndi mahedifoni. Mtolankhani wamkulu adacheza ndi munthu kwa ola lathunthu, ndipo mawu onsewo ayenera kulembedwa pakompyuta, liwu ndi liwu. Ola limodzi la macheza limatha kudya maola anayi kapena kuposa, makamaka poti Chingerezi cha ku Johannesburg chimathamanga, ndipo pakati pake wolankhula amaponyamo Chizulu, Chisuthu kapena Chiafirikanzi osachenjeza. Amene ku sekondale ankakhoza bwino Chingerezi amazindikira tsiku lomwelo kuti kukhoza mayeso ndi kumva anthu akulankhula ndi zinthu ziwiri.

Ikatha imeneyo pamabwera ya zovala. Madiresi, nsapato, zikwama ndi ndolo zimene zimaoneka pamasamba a fashoni si za magazini ayi, nzobwereka ku masitolo. Wina ayenera kukazitenga, kuzilemba m'kaundula, kuzisita, kumata tepi kunsi kwa nsapato kuti zisakalike pojambulitsa, kenako kuzilongedza ndi kuzibweza zonse zili bwinobwino. Winayo ndi wa atachimenti. Ndolo imodzi ikasowa, maso onse amayang'ana kwa iye. Akatero amakhala pafoni tsiku lonse kufunsa sitolo iliyonse mtengo weniweni wa chinthu chilichonse chomwe chajambulidwa, chifukwa mtengo umodzi ukalakwika, mwini sitolo amaimbira mkonzi, mkonzi n'kutsikira kwa amene ali pansi pa onse.

Kulemba kumabwera mochedwa, ndipo kumayamba ndi timawu ta pansi pa chithunzi. Mizere iwiri yokha, koma imabwezedwa kangapo. Dzina la munthu lalembedwa molondola? Wa kumanzere ndani, wa kumanja ndani? Kwa wophunzira amene adazolowera kudzaza masamba asanu poyankha funso limodzi, kuuzidwa kuti anene zonse m'mawu 25 ndi chilango. Komatu luso la utolankhani lagona pamenepo.

Pali chinanso chimene makolo sachidziwa, ndipo chimabweretsa kukayikirana pabanja. Magazini yotuluka mwezi ndi mwezi imakonzedwa miyezi iwiri kapena itatu isadafike pamsika. Zakudya za Khirisimasi zimaphikidwa ndi kujambulidwa cha mu Sepitembala. Choncho wophunzira wa miyezi itatu atha kulemba kankhani kake koyamba m'mwezi wachiwiri, n'kubwerera ku Malawi kasadatuluke. Kumudzi akufunsa kuti dzina lako lija lili patsamba liti, iye alibe chosonyeza. Ndipo ngakhale kankhaniko katavomerezedwa, sikuti kapulumuka. Pakhoma la ofesi pamakhala chipepala chosonyeza tsamba lililonse la magazini, ndipo oyamba kupatsidwa malo ndi otsatsa malonda, poti ndiwo amabweretsa ndalama zambiri. Kampani ya mafuta odzola ikagula tsamba mochedwa, nkhani yoyamba kuchotsedwa ndi ya mlendo uja.

Kuyambira pansi chotere si chipongwe, ndipo mbiri ya Drum yomweyo ikuchitira umboni. Magaziniyi idayamba mu 1951 ku Cape Town ndi dzina loti The African Drum, kenako idasamukira ku Johannesburg pansi pa mwini wake Jim Bailey. Chapakati pa zaka za m'ma 1950 padalowa mnyamata wina dzina lake Peter Magubane. Sadalowe ngati wojambula. Adali dalaivala ndi mesenjala, wonyamula anzake kupita nawo kokatola nkhani. Mkulu wa zithunzi, Jürgen Schadeberg wochokera ku Germany, adayamba kumuphunzitsa kutsuka mafilimu m'chipinda chamdima, mpaka tsiku lidakwana loti agwire kamera.

Magubane yemweyo ndiye adadzatchuka pobisa kamera mu buledi kuti ajambule zimene apolisi a boma la tsankho sankafuna kuti dziko lione. Adatsekeredwa m'chitokosi payekhayekha masiku 586, ndipo Nelson Mandela atatuluka m'ndende mu 1990, Magubane adakhala womujambula. Adamwalira pa 1 Januwale 2024. Kusiyana kwake ndi wophunzira wa ku Balaka nkwakuti Magubane adali kwawo, ankalandira malipiro a udalaivala, ndipo padalibe tsiku lodindidwa mu pasipoti loti akhale atatuluka m'dziko.

Nkhani ya mapepala ndiyo yoyenera kuyamba, nkhani ya mbuzi isadakambidwe n'komwe. Mmalawi amaloledwa kulowa mu South Africa ndi pasipoti yokha n'kukhala masiku 30 ngati mlendo. Masiku amenewa ndi ocheza, si ogwira ntchito. Ena amadzinamiza kuti poti atachimenti ilibe malipiro ndiye kuti si ntchito, koma lamulo la dzikolo loona za anthu olowa ndi otuluka, la mu 2002, limawerenga ntchito ngati ntchito, kaya munthu akulipidwa kaya ayi. Chiyambireni 2014, wopyoza masiku ake amadindidwa kuti ndi wosafunika: chaka chimodzi osapondamo ngati wapyoza ndi masiku osaposa 30, zaka zisanu ngati wapyoza kuposa pamenepo. Wogwidwa alibe mapepala amakathera ku Lindela, ku Krugersdorp, malo amene mabanja ambiri a ku Machinga dzina lake amalidziwa bwino.

Kwa wogulitsa m'sitolo chidindo chotere ndi tsoka. Kwa wofuna kudzakhala mtolankhani, amene ntchito yake idzafuna kuoloka malire pafupipafupi, ndi bala lochedwa kupola. Njira yolondola ilipo. Lamulo lomwelo lili ndi chilolezo cha achinyamata osakwana zaka 25 amene apatsidwa mwayi wa ntchito yosapyola chaka chimodzi, koma kampani yowaitanayo iyenera kulemba kuti malowo alipodi ndi kuti idzawalipira motsata malamulo. Zimenezi zimakonzedwa munthu asadanyamuke, ndipo pofunsira ndi ku ofesi ya kazembe wa dzikolo ku Lilongwe. Magazini imene ikukana kulemba kalata yoti ithandize pa chilolezo, koma ikuti ingobwerani tidzaonera konkuno, yanena kale mmene ikumuonera mwanayo.

Palinso akamberembere. Uthenga umafika pa WhatsApp kapena pa Facebook, uli ndi chizindikiro cha magazini yodziwika, ukunena kuti malo alipo koma mutumize kaye ndalama ya fomu. Kampani yeniyeni silipiritsa munthu kuti imupatse ntchito. Kalata yoona imakhala ndi dzina la mkonzi, keyala ya ofesi, nambala ya foni imene mphunzitsi wa ku koleji atha kuimba, tsiku loyamba ndi lomaliza, komanso ndalama imene wophunzira azilandira ngati ilipo. Dziko la Malawi lidakhazikitsa lamulo lolimbana ndi kuzembetsa anthu mu 2015, ndipo nyambo imene ozembetsa amakonda ndi lonjezo la ntchito yabwino kunja, makamaka kwa atsikana.

Tsono pali ndalama. Maofesi ambiri a makampani akuluakulu ali kumpoto kwa mzinda, cha ku Rosebank ndi Sandton, komwe lendi yake wophunzira sangaiyandikire. Amakagona kwa msuweni kapena kwa amalume ku Mayfair, Yeoville kapena Diepsloot, m'chipinda chogawana ndi ena, n'kumadzuka kusadache kukwera minibasi ziwiri. Ngakhale kuimitsa minibasi kumafuna kuphunzira, poti kumeneko amalankhula ndi zala: chala cholozera kumwamba ndiye kuti ukupita m'tauni, cholozera pansi ndiye kuti ukutsika chapafupi. Akapita mu Juni kapena Julayi, mwana wokulira m'kutentha kwa ku Balaka amakumana ndi chisanu choumitsa madzi panja, juzi ya ku kaunjika n'kuchepa mphamvu.

Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka m'dzikolo adayamba pa R20 pa ola mu 2019, ndipo pofika mu Malichi 2025 adali R28.79. Wa atachimenti amene akungopatsidwa ya thiransipoti safika ngakhale pamenepo, kotero chotsalacho chimachokera kumudzi. Vuto nlakuti kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mbuzi yogulitsidwa pamsika wa Ntaja ikasanduka marandi imachepa ngati nkhuku. Ndipo zinthu zimatembenuka: m'malo moti wa ku Joni atumize kumudzi, kumudzi ndiko kumatumiza ku Joni. Anansi sazimvetsa zimenezi, ndipo mayi wa mwanayo ndiye amamva zonena za pachitsime.

Chowawa kwambiri nchakuti khomo limene achinyamata akulilakalakali lidachepa. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utafika, otsatsa malonda adathawa ndipo magazini a ku South Africa adagwa motsatizana. Kampani ya Associated Media Publishing, yomwe inkasindikiza Cosmopolitan ya kumeneko ndi House and Leisure, idatseka mu Meyi. M'mwezi womwewo Caxton idalengeza kuti ikusiya magazini ake, kuphatikizapo Bona. Mu Julayi, Media24 idatseka Move! ndi kulengeza kuti Drum isiya kutuluka papepala, izingopezeka pa intaneti. Mayina ena adadzagulidwa ndi makampani ena n'kuyambiranso, koma maofesi odzadza ndi alembi aja sadabwerere mwakale. Wa atachimenti wa masiku ano amayembekezeka kudziwa kujambula kanema wamfupi pafoni, kumudula bwino, ndi kulemba mutu wa nkhani woti munthu audine. Akupikisananso ndi achinyamata a konko ambirimbiri omwe ali ndi madigiri koma alibe ntchito, ndipo iwo safuna chilolezo chilichonse.

Ndiye mwana wa ku Machinga ali ndi chiyani chimene anzakewo alibe? Yankho lake lili m'masamba omwewo a nyumba zokongola. Tsiku lokajambula nyumba ya munthu wolemera, onse amatanganidwa ndi mipando, makatani ndi maluwa. Koma amene adadzala maluwawo ndi kudulira mpandawo, si zachilendo kupeza kuti ndi Mmalawi, poti a kuno ali ndi mbiri kumeneko pantchito za m'munda, za m'nyumba ndi za utelala. Pagulu lonse la magazini, ndi wophunzira uja yekha amene angapite kuseri, kupereka moni wa Chiyao kapena Chichewa, n'kumva kuti bamboyo kwawo ndi kwa Kawinga kapena kwa Nyambi, ana adawasiya ali aang'ono, ndipo maliro a mayi ake adawamvera pafoni. Mzinda womwewo uli ndi nkhani ziwiri, ndipo iye ali ndi makutu omvera zonse.

Drum yakale idakula kaamba ka nkhani zoterezi. M'magazini momwe mudali atsikana a pachikuto, oimba jazi ndi ankhonya, mudatulukanso mu 1952 nkhani ya Henry Nxumalo, yemwe ankadziwika kuti Mr Drum, youlula nkhanza za m'minda ya mbatatesi ku Bethal, komwe antchito ankakwapulidwa, kuvala masaka ndi kutsekeredwa usiku. Pakati pa anthu amene ankagwa m'manja mwa alimi a dera limenelo padali amuna ochokera ku Nyasaland, agogo a omwewa akukwera mabasi lero. Ngakhale lero Sandton wa magalasi uja wayang'anizana ndi Alexandra, pakati pangodutsa msewu waukulu, ndipo ku Alexandra nkomwe ziwawa zothamangitsa alendo zidayambira mu Meyi 2008, n'kupha anthu 62 m'dziko lonselo. Mu 2015 zidabukanso ku Durban mpaka boma la Malawi lidatumiza mabasi kukatenga anthu ake. Kholo lililonse lili ndi chifukwa chofunsa kuti mwana azikagona dera liti, ndipo pakavuta adzathawira kwa yani.

Ngakhale Machinga weniweniyo amalembedwa m'magazini a kunja, kungoti amamulemba ndi alendo. Chitengereni bungwe la African Parks nkhalango ya Liwonde mu 2015, malowa atchuka m'masamba a zokopa alendo. Njovu pafupifupi 500 zidasamutsidwa ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, Prince Harry wa ku Britain n'kudzathandiza nawo, ndipo mikango idabwezeretsedwa ku Liwonde mu 2018. Mlembi wochokera kutali amagona masiku awiri ku loji, kujambula mvuu dzuwa likulowa pa Shire, n'kubwerera. Wokulira m'mudzi wa m'mphepete mwa mpanda amadziwa mmene usiku umatalikira njovu zikalowa m'munda wa chimanga. Mkonzi wanzeru amaifuna nkhani yachiwiriyi, koma wophunzirayo ayenera kulimba mtima kuitchula pamsonkhano wa akonzi, m'malo mobisa kwawo poopa kuoneka wachimidzi.

Phunziro lina limabwera litakulungidwa m'mapepala okongola. Ku magazini a zamafashoni kumafika mphatso tsiku ndi tsiku: mafuta onunkhira, zodzoladzola, makadi oitanira ku maphwando. Kuno kwathu atolankhani amachidziwa chinthu chimenechi ndi dzina la chipondamthengo, kaenvelopu kamene kamaperekedwa msonkhano ukatha. Cha ku Joni chimangonunkhira bwino, koma cholinga chake nchimodzimodzi. Magazini yodzilemekeza imalemba poyera pamwamba pa tsamba ngati nkhaniyo yalipiridwa ndi kampani, ndipo wophunzira amene wabwerako atadziwa kusiyanitsa nkhani ndi malonda wapindula kuposa amene wabwera ndi chikwama chodzadza mabotolo.

Chodabwitsa nchakuti banja la ku Balaka likamadandaula za ulendo wa ku Johannesburg, magazini ali pakhomo pomwepo. Tauni imeneyi, yomwe idali mbali ya Machinga mpaka Balaka adakhala boma palokha mu 1998, ndi kwawo kwa Montfort Media, nyumba yosindikiza mabuku ya ansembe a chipani cha Montfort imene dzina la Bambo Piergiorgio Gamba limamveka nayo kwambiri. Kumeneko nkomwe kudabadwira magazini ya The Lamp mu 1995, dziko litangolowa m'ndale za zipani zambiri, komanso Together ya achinyamata ndi nyuzipepala ya Chichewa ya Mkwaso. Wailesi ya kanema ya Luntha nayo ndi ya konko. Mulibe madiresi obwereka ku Sandton, koma kukonza tsamba, kusankha chithunzi, kudula nkhani kuti ikwane ndi kuthamangitsana ndi tsiku losindikiza nchimodzimodzi kulikonse.

Mkonzi wa ku Johannesburg, Nairobi kapena London akalandira kalata ya wophunzira, chimene amafuna kuona si dipuloma yokha ayi, koma nkhani zitatu kapena zinayi zimene zidatuluka kale, dzina la mwini wake lili pamwamba. Zolemba zake sizikusowa: matelala a pamsika wa Liwonde amene amasoka mayunifolomu a ukwati usiku wonse, amayi ophika kanyenya ndi chipisi pasiteji, asodzi a ku Chiuta, kapena mbiri ya nyimbo za ku Balaka kuchokera ku Alleluya Band mpaka Lucius Banda, yemwe chimbale chake choyamba adakajambulira ku South Africa komweko ndipo adamwalirira ku Johannesburg mu Juni 2024. Nkhani zoterezi ndi za mavalidwe, zakudya ndi anthu otchuka, zomwezo zimene magazini a m'mizinda amagulitsa. Kuchoka pa Liwonde kukafika pa Balaka ndi makilomita pafupifupi 30, ndipo pamsewu umenewo palibe wofunsa pasipoti.